Mankhwala awiri atakanika

Amitriptyline, mankhwala a matenda okhumudwa, ndinamwa miyezi inayi. Usiku ndinkagona ngati chipika, m'mawa kukamwa kuli gwa, koma mtima uli chilemerere. Adokotala anandisinthira ku fluoxetine wa m'mawa, nkundichenjeza kuti mankhwala a matenda okhumudwa sagwira msanga, amatenga milungu 4 mpaka 6. Ndinadikira milungu 10. Mphika wa nsima unkandionekerabe ngati phiri la Zomba.

Apa mpamene ndinatayiratu mtima. Ndinkati ngati mankhwala akuchiza ena koma ine ayi, ndiye kuti wolakwika ndine. Kunyumba ku Chinamwali azakhali ankangoti, "Mwanawe, umaganiza kwambiri, pemphera." Kupemphera sindinasiye, koma ndinkaopa kuwauza kuti adokotala anditumiza ku Zomba Mental Hospital. Kuno munthu akangomva zoti wapita "ku mentolo", amayamba kukuyang'ana mwina.

Ndinapitabe, achimwene atandiperekeza. Amene anandiona sanathamangire kulemba mankhwala achitatu. Anati mitundu iwiri ikakanika, munthu atamwa mlingo woyenera kwa nthawi yokwanira, limakhala vuto lodziwika, ndipo amayamba afufuza chifukwa chake. "Amayi, mumadumphitsa masiku? Mumamwa mowa? Munakhalapo masiku angapo osagona, mphamvu zili tayale, mukumwaza ndalama?" Funso lomalizali linandidabwitsa. Anafotokoza kuti ena amakhala ndi bipolar, matenda oti nthawi zina munthu amakhumudwa kwambiri, nthawi zina mphamvu nkuchuluka mopyola muyeso, koma osadziwa, ndipo iwowo amafuna mankhwala ena, monga lithium. Anafunsanso za ma ARV, poti efavirenz amasokoneza maganizo a anthu ena, nkundituma kukayezetsa magazi ndi chithokomiro.

Zonse zinatuluka bwino. Anandikwezera mlingo, ndipo ndinayamba kukumana ndi mlangizi. Poyamba ndinkaona ngati kucheza chabe, koma iyeyo ndi amene anandipatsa ntchito yolemba m'kope tsiku lililonse: ndagona maola angati, ndadya chiyani, ndatuluka panja kapena ayi. Tinagwirizananso kuti maganizo ofuna kudzipha akabwera ndiziuza achimwene nthawi yomweyo, mankhwala azisunga iwo.

Sindinachire. Masiku oipa amabwerabe, makamaka mwezi wa June chifunga chikakuta phiri. Koma kopelo limandionetsa zimene mutu wanga umakana: mwezi wathawu ndinapita kumsika wa Mpondabwino kasanu ndekha, ndipo Loweruka ndinayenda wapansi mpaka kumtsinje wa Mulunguzi. Lachinayi ndibwereranso kuchipatala, kope lili m'chikwama.