Sabata ya namwino wa nyamakazi: jakisoni wofooketsa chitetezo cha m'thupi

Lolemba kukiliniki kwathu, kuno kumpoto kwa England, ndi tsiku logwira mfundo za mafupa. Wodwala akakhala pansi ndimamusindikiza mfundo 28: mapewa, zigongono, pamene dzanja lalumikizana ndi mkono, zala ndi mawondo. Ndimawerenga zotupa ndi zopweteka, n'kuphatikiza ndi zotsatira za magazi komanso mmene iye mwini akumvera, kenako kompyuta imatulutsa nambala ya DAS28, yoonetsa mmene nyamakazi yakulira. Mapazi salowa m'chiwerengerochi, ndipo zimandinyansa. Munthu amalowa akutsimphina, nsapato zosamanga, koma nambala n'kunena kuti ali bwinoko.

Nambalayi ndiyo imatsegula chitseko. Kale NHS, nthambi ya zipatala za boma kuno, inkapereka mankhwala a biologic, amphamvu ofooketsa chitetezo cha m'thupi, kwa amene apitirira 5.1 okha, atalephera kale mapiritsi awiri monga methotrexate. Kuyambira 2021 bungwe la NICE, lovomereza mankhwala amene NHS ingapereke, linalola kuti ngakhale wopitirira 3.2 azilandira ena mwa mankhwalawa. Nkhani yake ndi ndalama: mu 2018 makampani ena analoledwa kupanga adalimumab, mmodzi wa mankhwalawa, yemwe poyamba ankabwera ndi dzina la Humira lokha, ndiye mtengo unagwa.

Nyamakazi imene timalimbana nayo si ya ukalamba ija ya agogo. Iyi imagwira ndi atsikana omwe. Chitetezo cha m'thupi chimatembenukira mwini wake n'kumadya mfundo, ndipo m'mawa zala zimauma, osatha kumanga ngakhale batani. Adalimumab amatsekereza TNF, puloteni imene imakolezera kutupako. Vuto ndi loti TNF yomweyo ndiyo imasunga tizilombo ta TB m'khola m'mapapo mwa munthu amene anatipuma kalekale osadwala. Ukaichotsa usanayang'ane, watsegula khola.

N'chifukwa chake Lachiwiri linandithera pa mayi mmodzi wa ku Chipata. Anzanga akangomva kuti wodwala amalankhula Chinyanja amandikankhira ine. Mayiwa ankayembekeza kunyamula jakisoni tsiku lomwelo, koma magazi anaonetsa TB yogona, ngakhale X-ray inali yoyera.

"Anesi, ine sinditsokomola. Kunyumba kwathu kulibe anadwalapo chifuwa chachikulu," anatero. Anakwinya malaya n'kundionetsa chipsera cha BCG pamkono. "Si katemerayu wasokoneza makina anuwo?"

Funso lanzeru, chifukwa kupima TB kwa pakhungu katemera amakusokonezadi. Koma kupima magazi kwa IGRA sikusokonezeka ndi BCG. Ndinawauza kuti, "Amayi, simukudwala TB, ndipo simungapatsire adzukulu. Tizilombo tangogona. Tikufuna titiphe tisanakufooketsereni chitetezo." Bungwe la WHO limati pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi padziko lapansi analowedwapo tizilomboti, ndipo kwa ife okulira kwathu kuja, kumene minibasi imanyamula otsokomola ndi athanzi pampando umodzi, si chinthu chochititsa manyazi. Komabe mawu oti TB amalemera. Anakhala chete, kenako anafunsa ngati kalata yake ipita kuntchito kwawo. Sipita.

Adzamwa rifampicin ndi isoniazid miyezi itatu, ndipo jakisoni tingamuyambe atamwa mwezi wathunthu, madokotala a chifuwa akavomera. Ndinawachenjeza kuti mkodzo ndi misozi zisanduka zofiirira, asadzidzimuke. Ndinalemberanso dokotala za prednisolone, mapiritsi ochepetsa kutupa amene akumwa, poti rifampicin amachititsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena msanga, ndi mapiritsi olera omwe. Hepatitis B, hepatitis C ndi HIV tinapima pamodzi, zonse zinali bwino. Anatuluka osasangalala, manja akadali otupa. Sindinawadabwe.

Lachitatu ndi lophunzitsa kudzibaya. Jakisoni wa adalimumab ali ngati cholembera chonenepa, mamiligalamu 40 kamodzi pa masabata awiri. Umamutulutsa m'firiji akhale panja theka la ola kuti asawawe, umasankha pantchafu kapena pamimba kutali pang'ono ndi mchombo, umadina, kakalira umadikira mpaka mankhwala onse alowe, n'kutaya m'chigubu chachikasu. Singano sioneka. Chimene chimavuta ambiri ndi kuvula kachivundikiro ndi zala zopindika.

Lachinayi ndinali pafoni ya odwala, ndipo pamenepa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Wina kampani yobweretsa mankhwala kunyumba yadumphanso tsiku. Wina ali ndi opaleshoni ya bondo, akufuna kudziwa jakisoni womaliza abaye liti. Wina wapatsidwa maantibayotiki a chikhodzodzo: lamulo lathu ndi loti aime kaye kubaya mpaka amalize, achire. Amene anandiimitsa mtima ndi bambo wina amene ali pa tocilizumab, mtundu wina wa biologic. Anaimba mopepesa, akuti akungomva kufooka ndi kupuma mobanika pang'ono, koma thupi silikutentha, ndiye asativutitse. Tocilizumab amatsekereza puloteni ya IL-6, ndipo IL-6 ndiyo imatenthetsa thupi ndi kukweza CRP, chizindikiro cha kutupa m'magazi. Munthu wa mankhwalawa akhoza kukhala ndi chibayo thupi lili lozizira, magazi akuoneka abwino. Ndinawauza apite kuchipatala tsiku lomwelo, atenge kakhadi kawo ka mankhwala, ndipo akafike n'kutchula dzina la mankhwalawo asanafunsidwe.

Lachisanu kunabwera mnyamata wa nyamakazi ya msana, amene adalimumab anamudzutsa mpaka anabwerera kuntchito. Akupita ku Blantyre mu Disembala ku ukwati wa mchemwali wake, masabata atatu. Anandipatsa moni wa "achemwali" tisanakhale n'komwe pansi, ndipo tinayamba taseka za mndandanda wa katundu amene abale atumiza kale pa WhatsApp.

Mankhwalawa amafuna firiji, pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo akaundana aonongeka, choncho salowa m'sutikesi ya pansi pa ndege. Amayenda m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi kalata ya chipatala. Mtundu umene akubaya umapirira kunja kwa firiji masiku 14 ngati kutentha sikupitirira madigiri 25, koma Disembala wa ku Blantyre sawerenga kapepala, ndipo magetsi akazima firiji imasanduka kabati. Katemera wa tizilombo tamoyo, monga wa yellow fever, sangalandire, ndiye ndinamuuza aonetsetse mayiko amene ndege yake idutse asanagule tikiti, poti ena amafuna katemerayu. Mapiritsi opewera malungo amwe, asadzitame kuti anakulira komweko. Chitetezo cha ku malungo chija chimatha ukakhalitsa kuno.

Tinawerenga kalendala limodzi n'kusuntha masiku pang'ono: abaye dzulo lake la ulendo, anyamule jakisoni mmodzi yekha m'kachikwama kozizira, ndipo tsiku lobayanso lidzakwana masiku 14 aja asanathe. Wachitatu adzamupeza kuno. Akakatentha thupi ali komweko, asabaye, akapimitse malungo tsiku lomwelo.