Zikomo nonse amene munatinyamula pambuyo pa namondwe wa Freddy

Abale ndi alongo mwa Ambuye, achibale, anansi ndi abwenzi, ndikulemba m'malo mwa bambo a kunyumba ndi ana athu pofuna kukudziwitsani kuti sabata yathayi talowa m'nyumba yathu yatsopano. Tasankha kuthokoza poyera chifukwa ambiri amene munatigwira dzanja sitingathe kukufikani mmodzimmodzi. Mayina sinditchula, pakuti ena munatipempha kuti dzanja lamanzere lisadziwe zimene lamanja lachita, ndipo ena sitinakufunseni n'komwe mayina popeza mitu yathu inali itazunguzika.

Tinkakhala ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche mumzinda wa Blantyre. Namondwe wa Freddy atafika m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, mvula inagwa usana ndi usiku osakata, mpaka usiku wa pa 12 kuchezera pa 13 phiri linagumuka, ndipo matope ndi miyala ikuluikulu zinatsika n'kukokolola nyumba zambiri, kuphatikizapo yathu. Ife tinapulumuka ndi zovala za m'thupi zokha, koma mlamu wanga amene ankakhala chakumtunda kwathu anatisiya. M'dziko muno anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anatsala opanda pokhala ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Nsanje, Chikwawa ndi maboma ena, kotero tikudziwa kuti misozi yathu inali gawo chabe la misozi ya mtundu wonse.

Tikuthokoza anyamata a m'dera lathu amene munakumba matope ndi makasu ndi manja anu mvula ikukuthirani, pamodzi ndi asilikali ndi a Red Cross, mpaka thupi la mlamu wanga linapezeka. Amayi a Mvano munasambitsa thupilo, munagona pa siwa ndi kuyimba usiku wonse, chonsecho ena mwa inu nyumba zanu zinali zitagwanso. Mkulu wa mpingo amene ndi kalipentala munakhoma bokosi ndi matabwa amene munasungira ntchito ina, ndipo nkhani ya malipiro munaikana isanayambe n'komwe.

Pa msasa wa pa sukulu pamene tinathawira, zithandizo za ufa, mabulangete ndi ndowa zinkafika kuchokera ku boma, kumipingo ndi kumabungwe, ndipo tikuyamika zonsezo. Komabe ndikufuna kutchula mwapadera mayi wina wachikulire, mtumiki pa mpingo wathu, amene nyumba yake sinagwe koma ankalawirira m'mawa uliwonse kudzatsuka zimbudzi za pa msasapo ndi kuthira mankhwala a kolorini m'madzi akumwa. Nthawi imeneyo matenda a kolera anali atavuta kale m'dziko muno, ndipo pa malo othinana ngati amenewo ana athu akanatha kudwala mosavuta. Ntchito yawo panalibe amene ankaijambula kapena kuilengeza pa wailesi. Akamaliza ankasamba m'manja, n'kumanga bwino chitenje chawo, kenako n'kuyambitsa pemphero la m'mawa. Ine ndimakhulupirira kuti pemphero lija tinkalimva bwino chifukwa cha tsache limene linkalitsogolera.

Sukulu zitatsegulidwanso, banja lina la mu mlaga wathu, kagulu ka Akhristu a mpingo wathu okhala dera limodzi, linatitenga. Bambo a m'banjamo ndi mlonda, nyumba yawo ndi ya zipinda ziwiri, koma anapachika nsalu pakati pa balaza n'kutiuza kuti mbali inayo ndi yathu. Kusunga mlendo tsiku limodzi n'kosavuta, koma kukhala ndi banja lathunthu kwa miyezi, kugawana sopo, makala ndi mpasa, kumafuna mtima umene munthu sangaupeke. Mayi a m'nyumbamo anaona kuti ndinkachita manyazi kulandira nsima yophikidwa kale tsiku ndi tsiku, ndiye tsiku lina anandipatsa mthiko n'kunena kuti, “Mayi, kuyambira lero muzitiphikira ndinu, ufa uli apo, musamandifunse.” Pamenepo anandibwezera ulemu umene matope anandilanda. Kalata ya Yakobo, mutu 2, imafunsa kuti pali phindu lanji kuuza mbale wausiwa ndi wanjala kuti apite mu mtendere akafunde ndi kukhuta, osamupatsa zosowa za thupi lake. Mawu amenewa ndawamva akulalikidwa kuyambira ndili mwana, koma ndinawamvetsa pa mbaula ya mayi amenewa.

Sindingaiwalenso bambo wa golosale, amene ndi Msilamu. Tinali ndi ngongole m'kabuku kawo, ndipo titapita kukapepesa kuti tichedwa kubweza, anang'amba tsambalo ife tikuona. Mwezi wa Ramadan unayamba patangopita masiku ochepa ngoziyo itachitika, ndipo madzulo akamamasula kusala kudya ankatumiza mwana ndi chakudya ku msasa. Yesu pophunzitsa za Msamariya wachifundo anasankha dala munthu wakunja kwa chipembedzo cha omvera ake kuti akhale chitsanzo, ndipo ife Akhristu tisachite manyazi kuphunzira kwa anansi otere.

Panali ena amene ankanena kuti Chilobwe yalangidwa chifukwa cha machimo ake. Mawu amenewa anatipweteka kwambiri, ndipo ndikuona kuti sayenera kutuluka pakamwa pa Mkhristu amene waima pafupi ndi manda atsopano. Tikuthokoza abusa athu amene anatiwerengera Luka 13:4, pamene Ambuye akunena za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, n'kukana kuti iwo anali ochimwa kuposa anzawo. Koma abusawo sanatibisire chilungamo china, chakuti phiri la Soche tinalimeta mitengo ndi manja athu, ndiponso kuti kusowa malo mumzinda kunakankhira anthu osauka kukamanga m'malo otsetsereka ndi m'njira za madzi. Anatiuza kuti kusamala chilengedwe ndi kumvera machenjezo a zanyengo n'kumveranso Mulungu. N'chifukwa chake sitinabwerere kukamanga pa bwinja lathu, ngakhale mtima unkafuna.

Nyumba yatsopanoyi ili pa malo athyathyathya chakufupi ndi Mpemba. Akulu a mpingo analangiza kuti tisawotche njerwa, poopa kudulanso mitengo, kotero achinyamata ankabwera Loweruka lililonse kudzaumba mabuloko a simenti ndi mchenga, amayi akutunga madzi. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti ndi malata inakwera ndipo ntchito inaima zipupa zili pa mawindo. Amene munaidzutsanso ndinu anzanga a banki m'khonde amene munandikongoza ndi kundidikira moleza mtima, achibale a ku Johannesburg amene munkatumiza kangachepe mwezi ndi mwezi, ndi mmisiri amene munakhoma denga pa theka la mtengo wake. Zoonadi mutu umodzi susenza denga.

Lamulungu likubwerali tidzapereka chithokozo chathu ku tchalitchi, ndipo masana ake nonse ndinu olandiridwa kunyumba kuti tidzapemphere limodzi. Tikupemphanso kuti m'mapemphero anu muzikumbukira mabanja amene matupi a okondedwa awo sanapezeke mpaka lero. Chikombole chimene tinaumbira mabuloko tachipereka kwa mayi wamasiye wa mu mlaga wathu amene akadali m'nyumba ya lendi ndi ana ake, ndipo kuumba kuyamba Loweruka lotsatira m'mawa. Ine ndi bambo tidzakhalako, ndipo amene muli ndi fosholo, wilibala kapena ndowa mudzabwere nazo.