Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Tsiku Limene Ndinauzidwa Kuti Nditseke Buku

M'gawo lapitalo ndinakusiyani ndikulowa chaka chachitatu cha kusekondale. Lero ndikusimbirani za mayeso a Biology amene anandiliza misozi.

Ndinene poyambirira kuti sindinali waulesi. Anthu akamva kuti mwana walephera amathamangira kunena kuti sawerenga, ndipo mawu amenewa amandipweteka mpaka lero. Ine ndinkawerenga mpaka maso kuwawa. Mutu wa kayendedwe ka magazi m'thupi ndinaubwereza kasanu. Chiganizo chilichonse chooneka chofunika ndinkachidula mzere kunsi ndi cholembera chofiira, mpaka tsamba lonse linangoti psuu. Ndikatsegula buku mtima unkakhala m'malo, chifukwa chilichonse chinkaoneka chodziwika.

Tsiku la mayeso funso linati tifotokoze njira imene magazi amadutsa pochoka mumtima kupita kumapapo mpaka kubwerera. Tsamba lija ndinaliona m'mutu bwinobwino. Chithunzi cha mtima ndi zipinda zake zinayi chili pamwamba chakumanja, mizere yanga yofiira ili apo, ngakhale ngodya ya pepala imene inapindika. Koma mawu ake, zii. Ndinangokhala cholembera chili m'manja, thukuta lili kamukamu. Malikisi anga sanafike ndi theka lomwe.

Atatibwezera mapepala, aphunzitsi anandiuza kuti nditsale, ndibwere ndi buku langa. Analitsegula, n'kuyang'ana mizere ija kwa kanthawi osanena kanthu.

"Mutu uwu wauwerenga kangati?"

"Kasanu, aphunzitsi."

"Ndakukhulupirira. Tseka bukulo."

Ndinatseka.

"Tsopano tandiuza, magazi akachoka m'chipinda cham'munsi chakumanja amapita kuti?"

Dzanja langa linapita lokha pabuku. Iwo anaika chikhatho chawo pachikuto.

"Ayi, mwana wanga. Zili m'katimu ndi za amene analemba. Zako ndi zimene unganene buku lili chitsekere."

Sanandikalipire. Anangondiuza chochita. Ndisanayambe mutu, ndiyambe ndauyendera wonse: timitu ting'onoting'ono, zithunzi, mafunso a kumapeto. Kamutu kalikonse ndikasandutse funso. Ndiwerenge kachigawo kamodzi kokha, nditseke buku, ndiyankhe funso lija papepala lopanda kanthu, kenako nditsegule kuti ndione pamene ndaphonya. Mawa lake ndiyambire kudzifunsa za dzulo, ndipo pakatha masiku angapo ndidzifunsenso.

Usiku woyamba unali wowawa. Ndinawerenga tsamba limodzi ndi theka, ndinatseka, ndipo papepala panatuluka mizere itatu yokha, umodzi wake wolakwika. Kale ndinkamaliza masamba makumi awiri usiku umodzi n'kukagona ndili wokhutira. Tsopano ndinkamaliza anayi n'kukagona ndikudziona ngati sindidziwa kanthu. Ndinatsala pang'ono kusiya. Chimene chinandigwira chinali chikhatho chija pachikuto.

Patapita zaka zambiri m'pamene ndinadziwa kuti kuwawa kumeneku akatswiri anakufufuza. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University mumzinda wa St. Louis anapatsa ophunzira nkhani zazifupi zoti awerenge. Ena anazibwereza kuwerenga, ena analemba zonse zimene akukumbukira osayang'ana nkhaniyo. Atayesedwa patangopita mphindi zisanu, obwereza kuwerenga aja ndiwo anachita bwino. Koma atayesedwa patatha mlungu, zinthu zinatembenuka: odzifunsa aja anakumbukira zambiri. Nditawerenga zimenezi ndinadziona ndekha pansi pa nyali ndi cholembera chofiira. Kubwereza kuwerenga kumakoma chifukwa kumakupatsa mphoto nthawi yomweyo, ndipo n'chifukwa chake kunandinamiza kwa zaka. Maso akazolowera tsamba, munthu umayesa kuti mutu nawo wasunga.

Zoti ndizibwerera ku za dzulo nazonso zinali ndi maziko. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany, amene ankadziyesa yekha poloweza timawu topanda tanthauzo, anaonetsa mu 1885 kuti munthu amaiwala mofulumira kwambiri m'maola oyambirira, kenako kuiwalako kumayamba kuchepa liwiro. Njira yonse imene aphunzitsi anandipatsa ikufanana kwambiri ndi imene Francis Robinson wa ku America anaikonza m'zaka za m'ma 1940, yodziwika kuti SQ3R. Ine panthawiyo sindinkadziwa dzina ngakhale limodzi mwa amenewa. Ndinkangodziwa kuti ndauzidwa kutseka buku.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti tinkauzidwa tsiku ndi tsiku kuti "kawerengeni", koma panalibe amene anatikhazika pansi kutionetsa kawerengedwe kake. Alipo anzanga amene anasiya sukulu akukhulupirira kuti mitu yawo ndi youma, pomwe ankangochita zomwe ndinkachita ine.

Usiku wachinayi ndinatenga pepala, buku lili patali, n'kuyamba kujambula mtima. Unatuluka wokhota, koma zipinda zinayi zinalipo. Ndinalemba muvi kuchoka m'chipinda cham'munsi chakumanja kupita kumapapo, wina kuchoka kumapapo kulowa m'chipinda cham'mwamba chakumanzere, wina kutsikira m'munsi, wina kutuluka kupita m'thupi lonse. Nditatsegula buku ndinapeza kuti ndaiwala dzina la mtsempha umodzi wokha. Ndinalilemba pambali ndi cholembera chofiira chija, ndipo papepala lonselo malo ofiira anali amenewo basi.

M'mawa mwake ndinapita nalo pepalalo kwa aphunzitsi. Analiyang'ana, n'kulitembenuza kuti kumbuyo kopanda kanthu kukhale pamwamba, n'kundipatsa cholembera chawo.

"Jambulanso ndikuone."

Za mayeso amene anatsatirapo, ndiponso za mnzanga amene tinayamba kufunsana naye mafunso madzulo, ndidzakusimbirani m'gawo likubwerali.