Magalimoto Ogona a ku Mulhouse

Ndinafika ku Mulhouse m'mawa wa Loweruka pa sitima yapamtunda yochokera ku Basel m'dziko la Switzerland, ulendo wosakwana n'komwe ola limodzi, ndipo pasiteshoni ndinakwera kasitima kamumzinda kamene kanakanditsitsa pafupi ndi chipata cha nyumba yoonetsera magalimoto akale yotchedwa Musée National de l'Automobile. Mzindawu uli m'chigawo cha Alsace kum'mawa kwa France, kufupi ndi malire a Germany ndi Switzerland, ndipo kale unkatchuka ndi mafakitale a ulusi ndi nsalu. Nyumba imene ndinapitira inalinso fakitale yopota ulusi wa ubweya wa nkhosa, koma lero mumagona magalimoto akale oposa 400, ndipo oposa 100 mwa iwo ndi a mtundu wa Bugatti.

Ine ndinakulira m'galaja ya malume anga, kumene ntchito yanga inali yopatsira masipanala ndi kutsuka zitsulo m'beseni la petulo. Malumewo anali ndi Peugeot 404 imene inkanyamula chimanga, matabwa, odwala ndiponso maliro, ndipo ankakonda kunena kuti galimoto yoimikidwa imafa msanga kuposa yoyenda. Mawu amenewa ndi amene anandibwerera nditangolowa m'holo yaikulu ya nyumbayi, chifukwa chinthu choyamba chimene ndinachizindikira sichinali cha m'maso ayi, koma cha m'mphuno. Pamalo pamene pali magalimoto mazanamazana ndinkayembekezera fungo la oyilo wotentha ndi utsi, koma munali mpweya wozizira, waukhondo, ngati wa m'tchalitchi pakati pa sabata.

Magalimotowo anawandandalika m'mizere italiitali pamwamba pa timiyala toyera, ndipo m'mbali mwa tinjira toyendamo alendo muli nyale mazana angapo zoumbidwa motengera za pa mlatho wa Alexandre III ku Paris. Ndinagwada pafupi ndi Bugatti ina yabuluu yampikisano kuti ndisuzumire kunsi kwake, monga amachitira makaniko aliyense, ndipo timiyala ta kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala ake tinali tosalala bwino, popanda mkukuluzi uliwonse wosonyeza kuti inasunthapo posachedwa. Chiwongolero chake chamtengo chinali chothimbirira pamene manja a munthu wina ankagwira zaka zambiri zapitazo, ndipo lamba wachikopa womanga boneti anali atang'aluka pang'ono pabowo limodzi lokha, limene mwini wake ankamangirapo nthawi zonse. Zizindikiro ziwiri zimenezi zinandikhudza kuposa penti yonse yonyezimira ya m'holomo.

Chuma chonsechi anachisonkhanitsa ndi abale awiri, Hans ndi Fritz Schlumpf, eni mafakitale a ulusi m'chigawochi, amene likulu lawo linali ku Malmerspach. Fritz, wamng'onoyo, ndiye anali ndi chibaba cha magalimoto, ndipo poyamba ankayendetsadi Bugatti yake m'mipikisano ya magalimoto akale. Mu 1957 anagula fakitale ya ku Mulhouse imeneyi, ndipo kuyambira cha m'ma 1960 anayamba kugula magalimoto mwaliwiro loti munthu mmodzi sakanatha kuwayendetsa onse ngakhale akanafuna. Mu 1963 anagula magalimoto amene anatsala m'manja mwa kampani ya Bugatti ku Molsheim, ndipo mu 1964 anatenga ma Bugatti 30 nthawi imodzi kwa munthu wa ku America dzina lake John Shakespeare, amene anawakweza pa sitima kuchokera ku Illinois mpaka kudoko la New Orleans, n'kuwaolotsa nyanja kupita ku France. Amisiri makumi angapo ankakonza magalimotowo mobisa kuseri kwa makoma a fakitale, atalamulidwa kuti asaulule zimene ankachita, ndipo anthu amene ankaloledwa kulowamo anali owerengeka kwambiri. Zaka zonsezo magalimotowo ankapentedwa, kusokedwa mipando yatsopano ndi kupukutidwa, koma msewu sankauona.

Chimene chinatsegula zitseko si mtima wa eni ake. Malonda a nsalu atalowa pansi m'zaka za m'ma 1970, mafakitale a abalewa anagwa mu 1976, anthu pafupifupi 2,000 ntchito zinawathera, ndipo eni akewo anathawira ku Basel. M'mwezi wa Malichi 1977 antchito analowa m'nyumbayi mokakamiza, n'kupeza zimene ndinkaonazi, nyale ndi timiyala zonse zili m'malo mwake, zikudikira alendo olemekezeka amene sanabwere. Anakhalamo zaka ziwiri, anaitcha nyumba ya antchito, ndipo ankalowetsa anthu ulere kuti adzionere okha kumene thukuta lawo linathera. Mu 1978 boma la France linaika magalimotowo m'gulu la chuma cha dziko chosaloledwa kutuluka kunja, ndipo mu 1982 nyumbayi inatsegulidwa mwalamulo kwa aliyense. Ndinaima nthawi yaitali ndikuganiza za mayi wopota ulusi amene analowa muno koyamba mu 1977 alibe malipiro, n'kuona nkhope yake ikuwala pachitseko cha galimoto imene mtengo wake sakanaupeza pa moyo wake wonse.

Mfumu ya nyumbayi ndi Bugatti Royale, imene ili m'chipinda cha mdima pang'ono pamodzi ndi magalimoto ena apamwamba. Ettore Bugatti, amene anayambitsa kampani ya Bugatti, anapanga zisanu ndi imodzi zokha, ndipo ziwiri mwa izo zili pano: imene ankayendera iye mwini, yotchedwa Coupé Napoléon, ndi ina imene inabwera ndi katundu wa Shakespeare uja. Galimotoyi ndi yaitali mamita oposa 6, injini yake ndi ya malita 12.7, ndipo pamphuno pake paima kanjovu kotukula miyendo yakutsogolo, kamene anakaumba ndi Rembrandt Bugatti, mng'ono wake wa Ettore. Anaipangira mafumu, koma palibe mfumu imene inagula, pakuti inatuluka nthawi imene chuma cha dziko lonse lapansi chinali chitagwa, ndipo zitatu zokha ndi zimene zinapeza ogula. Chimene chinandiseketsa chamumtima n'chakuti injini za mtundu womwewu anaziika m'masitima othamanga a dziko la France, mmene zinagwira ntchito zaka zambiri zikunyamula anthu wamba, pamene galimoto yachifumuyo yathera mbali yaikulu ya moyo wake itaima.

Munthu wodziwa zitsulo amadziwa zimene kuima kumachita. Matayala amaphwatalala mbali imene yatsamira pansi, timipira totseka oyilo ndi madzi timauma n'kuyamba kudontha, petulo wotsala m'thanki amasanduka phula lotseka kabyuleta, ndipo mabuleki amamatirira chifukwa mafuta ake amakoka chinyezi. Mwini galimoto yotere amazidziwa zimenezi, koma amadziwanso kuti kilomita iliyonse imene yawonjezeka ikhoza kutsitsa mtengo wake, kuti inshuwalansi ya galimoto ya mamiliyoni ili ndi malamulo ake okhwima, ndiponso kuti chitsulo chikathyoka palibe sitolo imene angakachigule. Motero amalipira makaniko kuti aziiliza mwa apo ndi apo ndi kuizungulitsa pabwalo, iye n'kumangobwera kudzaiona ndi alendo ake. Ine sindikhulupirira kuti munthu wotereyu amakonda galimoto monga ankaikondera malume anga, amene ankadziwa matenda a injini pongomva kulira kwake. Chimene amakonda ndi kudziwa kuti chinthucho chili kwa iye osati kwa mnzake.

Komabe ndiyenera kuvomereza chinthu chimene chinandivuta kuchimeza. Peugeot ya malume ija inagwira ntchito mpaka inatha, chitsulo chake chinasanduka mbaula ndi makasu, ndipo lero palibe ngakhale chithunzi chake. Ma Bugatti ambiri a m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 akanathera komweko pakanapanda umbombo wa Fritz Schlumpf, ndipo ine mwana wa m'galaja sindikanaima pafupi ndi Royale mpaka kuona ulusi wa pamipando yake. Sindinathe kumuyamikira, koma sindinathenso kunena kuti tikiti yanga ndinataya.

Kuseri kwa nyumbayi kuli kabwalo kozungulira kumene magalimoto ena amatulutsidwa nyengo yotentha kuti anthu amve kulira kwake, koma ine ndinapita m'nyengo yozizira ndipo ndinapeza phula lonyowa lokhalokha. Ndinabwerera m'holo kukaonanso Bugatti yabuluu ija, ndipo nditagwadanso ndinaona kadontho kamodzi ka oyilo wakuda kakulendewera kunsi kwa injini. Ndinakadikira kwa mphindi zingapo kuti kagwe, mpaka mlonda anabwera kudzandiuza mwaulemu kuti nthawi yotseka yakwana, ndipo ndinadzuka n'kusasa mawondo kadakali pomwepo.