Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Masiku anayi ndi mnyamata wa mahedifoni

Gawo lapita ndinalekezera pamene abwana anandiuza kuti ulendo wokakambirana za kontirakiti sindipita ndekha. Amene anandipatsa anali mnyamata woti pantchito wangotha miyezi isanu ndi itatu. Ine ndinali ndi zaka 57, iye 25. Mwana wanga wachisamba ndi wamkulu kwa iyeyo.

Mtima unayamba kundiwawa tisananyamuke n'komwe. Ine pabwalo la ndege ndimafika kudakali maola atatu, mapepala onse ali mufayilo. Iye anatulukira anthu a pakauntala atatsala pang'ono kutseka, kachikwama kumsana, mahedifoni m'makutu. Ndinali nditamuimbira kasanu ndi kawiri. Nditamufunsa za tikiti anangondionetsa foni, ati zonse anamaliza kale ali kunyumba.

"Pepani madala, ine foni ikamaitana sindiyankha kawirikawiri. Mukanangolemba pa WhatsApp."

Madala! Anzake onse kuofesi amati achikulire. Ndinangomeza malovu.

Pofufuza katundu, amene anachita manyazi ndine. Botolo langa la mafuta odzola linali la mamililita 200, pomwe m'chikwama cham'manja salola loposa 100. Lamuloli ndimalidziwa, linabwera mu 2006 ine ndikuyenda kale maulendo, koma ndinalongedza maganizo ali kwina. Achitetezo analiponya mubini ine ndikuona. Mnyamata uja sanaseke, anangoyang'ana kumbali. Bola akanaseka.

Titafika kuhotela ndinamuuza kuti tikhale pansi tione mapepala a mawa. Iye anati zonse anaika m'chikalata cha pa intaneti cha Google Docs, ngati ndili ndi mawu ndilembe m'mbali, aziona ali kuchipinda. Ine ndinakula ndi ntchito yoti anthu awiri amakhala patebulo, cholembera m'manja, n'kugwirizana kuti iwe ukanena izi, ine ndikanena izi, apa tonse tikakhala chete. Ndinapsa mtima n'kukagona. Laputopu sindinaitsegule.

M'mawa mwake ndiye kunagwa nkhani. Anthu amene tinkakumana nawo ndinali nditagwira nawo ntchito zaka 11. Mkulu wawo ndimamudziwa: amafunsa funso n'kukhala phee, kudikira kuti wamantha alankhule zambiri. Anafunsa kuti katundu tingawafikitsire pakatha nthawi yaitali bwanji. Ndinati masabata asanu ndi atatu. Anakhala chete, nanenso ndinakhala chete. Chete ameneyo ndi mbali ya malonda, amene wayamba kutekeseka ndi amene amagonja.

Mnyamata uja sanapirire. Anatembenuza laputopu kuti onse aone, n'kunena mwaulemu wake wonse kuti malinga ndi zimene wawerengera mu Excel, masabata asanu ndi limodzi akukwana.

Kuwerengera kwake kunalibe vuto. Masiku opanga katundu, masiku a pamsewu, zonse anaphatikiza bwino. Koma Excel sadziwa kuti lole ikhoza kugona pachipata cha dziko masiku anayi chifukwa pepala limodzi lilibe chidindo. Sadziwa kuti netiweki ya anthu a kasitomu imagwa, kuti dalaivala amadwala, kuti tchuthi cha dziko lina chimagwera pakati pa sabata. Masabata awiri owonjezera aja sanali bodza, anali mpata wopumira umene ndinauphunzira ndi misozi zaka zambiri m'mbuyomo. Galu wamkota sakandira pachabe.

Mkulu uja anamwetulira, n'kulemba 6 papepala lake. Kenaka anapempha kuti m'kontirakiti mukhale chindapusa pa tsiku lililonse limene tidzachedwe. Kuchokera pamenepo mafunso onse ankaponyera mnyamata, ine ndangokhala ngati ndabwera kudzanyamula chikwama. Chimenechi ndicho chinandilasa kwambiri, kuposa masabata aja, ngakhale tsiku limenelo sindikanavomera.

Titatuluka ndinadikira kuti tilowe muchikepe tili awiri.

"Iwe, wamkulu akanena nambala pamaso pa alendo, sumutsutsa. Umalemba pakapepala n'kumupatsira pansi pa tebulo."

"Koma madala, nambala ija inali yolakwika."

"Sinali yolakwika. Ndinasiya dala mpata."

Anavula mahedifoni amene anali atawabwezera kale m'khosi, n'kundiyang'ana. "Nanga bwanji simunandiuze? Ndinakufunsanitu."

Ndinamuuza kuti sanandifunse chilichonse, chiyambire ulendowu maso ake ali pafoni. Iye sanayankhe. Chikepe chitatseguka aliyense analowera kwake.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Cha m'ma 12 koloko ndinatsegula laputopu kuti ndilembere abwana lipoti, ndipo ndinali nditakonza kale chiganizo chonena kuti ana awa asamatumizidwe kumisonkhano ikuluikulu. Ndinatsegula chikalata chake chija kuti ndikopere manambala. M'mbali mwa mzere wa masabata munali kabokosi kachikasu, kolembedwa usiku wa dzulo lake nthawi ya 10:47.

"Achikulire, apa mwalemba 8 koma ine ndikupeza 6. Pali chifukwa chimene sindikuchidziwa? Mundiuze kuti mawa ndisalakwitse."

Polemba anati achikulire.

Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana kabokosiko. Lipoti sindinalembe, koma kupepesanso sindinapepese. Masiku awiri otsalawo tinkalankhulana za ntchito zokha, ndipo pobwerera anasintha mpando pafoni yake n'kukakhala kumbuyo kwa ndege. Kontirakiti tinasaina ndi 6 yemwe uja, chindapusa chili momwemo. Mmene masabata asanu ndi limodzi aja anathera, ndi amene anagona pafoni usiku wonse lole itakanirira pachipata, ndidzakusimbirani gawo likubwerali.