Mavawelo a Chingerezi ndi chifukwa chake diso limatinamiza

Munthu amene anaphunzira kuwerenga m'Chichewa amakula ndi chikhulupiriro chakuti lembo lililonse lili ndi liwu lake limodzi, ndipo chikhulupirirocho sichimugwiritsa mwala malinga ngati akuwerenga chinenero chake. Mavawelo athu ndi asanu, a, e, i, o, u, ndipo lembo la a limveka chimodzimodzi m'mawu akuti madzi, nsima kapena Balaka. Chingerezi chimagwiritsa ntchito malembo asanu omwewo, nthawi zina kuwonjezerapo y, koma m'kayankhulidwe ka ku England kamene mabuku ambiri ophunzitsira amatsatira muli maliwu a mavawelo pafupifupi 20. Apa ndi pamene pagona vuto la a Malawi ambiri amene tili kuno ku Joni. Loweruka madzulo ndimathandiza akuluakulu angapo a kwathu m'holo ya tchalitchi china ku Rosettenville, ndipo ambiri mwa iwo, ogwira ntchito m'masitolo a ku Mayfair ndi Fordsburg kapena m'nyumba za ku Randburg, galamala amaidziwa ndithu, kalata amatha kulemba, koma akayankhula pa foni amauzidwa kuti abwereze.

Chisokonezochi chili ndi mbiri yake. Kalembedwe ka Chichewa ndi katsopano. Anthu monga David Clement Scott wa ku Blantyre Mission, amene anatulutsa dikishonale yake mu 1892, ankalemba zimene makutu awo ankamva. Chingerezi chinayenda njira ina. Anthu a ku Normandy atalanda England mu 1066, alembi ozolowera Chifalansa anabweretsa kalembedwe kawo. Kenaka, kuyambira cha m'ma 1400 mpaka cha m'ma 1700, mavawelo aatali onse anasintha kamvekedwe, pamene m'kati mwa nthawi yomweyi William Caxton anayamba kusindikiza mabuku ku Westminster mu 1476, ndipo makina osindikizira anayamba kuumitsa kalembedwe pakamwa pakusinthabe. M'masiku a Geoffrey Chaucer, amene anamwalira mu 1400, mawu akuti "name" ankamveka pafupifupi ngati "na-me", ndipo "time" ngati "ti-me". Choncho mayi wa ku Ntcheu akawerenga mawuwa monga mwa Chichewa, sakupeka zachilendo ayi. Wangochedwa ndi zaka 600.

Ngakhale zili choncho, sindigwirizana ndi anthu amene amati kalembedwe ka Chingerezi kalibe dongosolo. Dongosolo lilipo, ndipo loyamba kuliphunzira ndi la lembo la e la kumapeto limene silitchulidwa. Lemboli ntchito yake ndi kusintha vawelo ya m'mbuyo mwake kuti imveke monga dzina lake pa alifabeti ya Chingerezi: "hat" imasanduka "hate", "bit" imasanduka "bite", "hop" imasanduka "hope", ndipo "cut" imasanduka "cute". Munthu akangogwira lamulo limeneli amamvetsanso chifukwa chimene makonsonanti ena amalembedwera kawiri, pakuti kubwerezako kumateteza vawelo yaifupi kuti isasinthe. N'chifukwa chake "hoping" ndi "hopping" ndi mawu awiri osiyana, monganso "later" ndi "latter". Pali mawu ochepa ophwanya lamuloli, monga "have", "give", "come" ndi "love", ndipo tsoka lake n'lakuti ndi mawu amene timawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, motero ophunzira amakumana ndi zophwanya lamulo asanalidziwe lamulo lenilenilo.

Mavawelo awiri akakhala pamodzi, ena ndi odalirika ndipo ena si odalirika. Malembo a ee, ai ndi oa kawirikawiri sanama: "feet", "rain", "road". Malembo a ea ndiwo ovuta, chifukwa amamveka mosiyana m'mawu akuti "meat", "bread" ndi "break", ndipo mawu akuti "read" amasintha liwu malinga ndi nthawi imene ntchitoyo yachitika ngakhale kalembedwe sikasintha. Malembo a oo ali ndi liwu lalitali mu "food", lalifupi mu "good", ndi lina losiyaniratu mu "blood". Za ough sindichulutsa mawu. "Though", "through", "tough" ndi "cough" ndi mawu oyenera kungowaloweza limodzilimodzi, ndipo aliyense wogwira ntchito ku Houghton amadziwa kuti dzinali anthu a kuno amalitchula ndi liwu la "au", zimene malembo ake sanena.

Koma pali china chimene ndimachiona kukhala chachikulu kuposa zonsezi, ngakhale kusukulu kwathu sankachitchula kawirikawiri. M'Chichewa phatikizo lililonse limatchulidwa lathunthu, pamene m'Chingerezi phatikizo limodzi limatsindikidwa ndipo ena amafooka, mavawelo awo n'kusanduka kaliwu kofooka kamene akatswiri amakatcha schwa, kolembedwa m'madikishonale ngati e wozondoka. Kaliwu kameneka ndi kamene kamamveka kawirikawiri kuposa vawelo ina iliyonse m'Chingerezi, ndipo kangathe kulembedwa ndi lembo lililonse: a wa kumayambiriro kwa "about", o wa mu "police", u wa mu "support", er wa kumapeto kwa "teacher". Mawu akuti "banana" ali ndi a katatu, koma wapakati yekha ndiye womveka bwino. Ife tikati "San-di-to-ni" potchula dzina la dera la Sandton, mwini chinenero amayembekezera kumva phatikizo loyamba lolimba ndi lachiwiri longonong'ona. Pa zimene ndaona, munthu amene waphunzira kufooketsa maphatikizo amamveka msanga kuposa amene watha miyezi akulimbana ndi kusiyanitsa "ship" ndi "sheep", chifukwa womvetsera amazindikira mawu poyamba ndi malo amene atsindikidwa.

Sikuti kusiyanitsako kulibe ntchito. Khutu lozolowera mavawelo asanu limaika "hat", "hut", "heart" ndi "hurt" m'thumba limodzi kapena awiri, ndipo limamva "live" ndi "leave" ngati mawu amodzi, chimodzimodzinso "full" ndi "fool", "work" ndi "walk". Kwa munthu wofunsira ntchito, kusiyana kwa mawu awiri otsirizawa si nkhani yaing'ono. Chothandiza ndi kudziwa kuti lembo la r likatsatira vawelo, m'Chingerezi cha ku England ndi cha anthu ambiri a kuno, silitchulidwa koma limasintha vaweloyo, ndiponso kuti er, ir ndi ur nthawi zambiri zimapereka liwu limodzi, monga mu "her", "bird" ndi "turn". Mawu akuti "work" ndi "word" ali m'gulu lomweli ngakhale amalembedwa ndi o.

Makolo athu amene anabwereka mawu a Chingerezi osaona bolodi anamva bwino kuposa ambirife. Iwo anati kapu ndi basi, osati kupu ndi busi, chifukwa u wa mu "cup" ndi "bus" amayandikiradi a wathu. Anati buledi, keke ndi tayala, kutsatira liwu osati lembo. Kumene anagonja ndi pa buku ndi sukulu, pamene maliwu awiri osiyana anawaphatikiza kukhala u mmodzi popeza Chichewa chilibe wachiwiri. Ndimawapempha ophunzira anga kuti achite monga makolowo: ayambe amva mawu, awatchule, kenaka ndi pamene aone kalembedwe kake.

Johannesburg imawonjezera msampha wina, pakuti mayina a pa zikwangwani satsatira chinenero chimodzi. Rosebank imatsatira lamulo la e wa kumapeto. Soweto tingaiwerenge monga mwa Chichewa osalakwa. Braamfontein ndi Roodepoort ndi mayina a Chiafrikaans, m'mene aa ali a wautali, ei amamveka ngati "eyi", ndipo oo si wa mu "food" ayi. Ndiponso Chingerezi cha kuno si chimodzi: cha woyendetsa takisi wa Chizulu chili pafupi ndi chathu, popeza Chizulu nachonso chimalembedwa ndi mavawelo asanu, pamene azungu ena a kuno amatchula "yes" moyandikira "yis". Chifukwa cha ichi sindiuza munthu kuti atsanzire aliyense, ndipo sindiona chamanyazi m'Chingerezi chomveka kuti mwini wake ndi wa ku Mangochi. Chofunika ndi chakuti mawu awiri osiyana atuluke mosiyana.

Pa kalembedwe, South Africa ndi Malawi onse amatsatira England, motero timalemba "colour" ndi "labour", pamene ku America, potsatira dikishonale ya Noah Webster ya mu 1828, anachotsa u. Mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa Chingerezi cha ku America, ndipo amakonza mawu olondola kukhala olakwika pa kalata yofunsira ntchito, choncho ndi bwino kusintha chinenero cha pa kiyibodi musanayambe kulemba. Madikishonale a Cambridge ndi Oxford a pa intaneti amapereka katchulidwe kawiri pa mawu aliwonse, ka ku Britain ndi ka ku America, ndipo kwa ife okhala kuno koyenera kudina ndi ka ku Britain.