Sabata yochotsa injection pa Toyota 22R-E

Galimoto imene inatidyera sabata yonse inali pikapu ya Toyota ya 1989, ya injini ya 22R-E, masilinda anayi, malita 2.4. Inabwera mochita kukokedwa. Madzi anali atalowa mu kompyuta yake, imene pa galimoto zimenezi imakhala pansi, cha kumapazi a wokwera kutsogolo, ndipo makaniko wina amene anayamba kuigwira anadula mawaya ambirimbiri n'kuwamata ndi tepi. Eni ake anafika ataganiza kale. "Achimwene, zamagetsizi zanditopetsa. Zulani zonse, muike kabureta basi."

Lolemba lonse linathera pofufuza ngati injection, dongosolo limene kompyuta imayeza petulo n'kumufayira mu injini kudzera m'ma injector, yafadi. Ndimachita zimenezi pa galimoto iliyonse yobwera ndi pempho lotere, chifukwa kawirikawiri chimene anthu amati kompyuta yafa chimakhala kanthu kakang'ono. Paipi ya labala yochokera ku air flow meter, chipangizo choyeza mpweya wolowa mu injini, imang'ambika pamakwinya ake, mpweya n'kumalowa osayezedwa, injini n'kumadumphadumpha. Waya wa earth ukachita dzimbiri nawonso umanamizira kompyuta. Koma pa iyi panalibe zokayikitsa. Titatsegula bokosi tinapeza bolodi yadyeka, yobiriwira, ndipo m'tolo wa mawaya munali malo opsa. Ndinawauza eni ake zinthu zitatu ntchito isanayambe: mphamvu sizionjezereka, petulo azidya wochulukirapo, ndipo afunse kaye za malamulo, poti m'maiko ambiri kuchotsa zipangizo zochepetsa utsi n'kulakwa ndipo galimoto yotere imakanidwa ikapita kukayezedwa. Anati adzaigwiritsa ntchito kumunda, kutali ndi aliyense wa makina oyezera, ndipo akufuna chinthu chimene angathe kumasula okha ndi sikuludiraiva. Chifukwa chimenecho ndimachilemekeza. Cha mphamvu ayi.

Lachiwiri inali ntchito ya manja chabe. Tinatulutsa kaye presha mu fuel rail, paipi yogawira ma injector petulo, kenako tinachotsa plenum (bokosi la mpweya la pamwamba pa injini), ma injector anayi, injector yachisanu yolizira kukazizira, ndi air flow meter. Ubwino wa injini imeneyi ndi woti ili ndi mbale wake, 22R, amene anatuluka ku fakitale ndi kabureta ya Aisan, choncho manifold yake, mapaipi olowetsa mpweya ndi petulo m'masilinda, sinatisautse. Pamwamba pake tinakhazika kabureta ya Weber 32/36 ndi adaputa yake. Manambalawo ndi kukula kwa timimero tiwiri: ka mamilimita 32 kamagwira ntchito nthawi zonse, ka 36 kamatseguka ukaponda kwambiri. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito ataona kabureta ikunyezimira pamalo pake anapukuta manja n'kunena kuti, "Bwana, mawa ilira." Ndinamuuza kuti ntchito sinayambe n'komwe.

Anthu ambiri amaganiza kuti kompyuta imangoyeza petulo. Pa injini imeneyi imayendetsanso moto wa mapulagi, ndipo pampu ya petulo nayo inamangidwira m'dongosolo lomwelo. Ukazula kompyuta, ntchito zonsezi uzipezere wina wozigwira.

Tinayamba ndi pampu, Lachitatu. Ya 22R-E ili mkati mwa thanki ndipo imakankha petulo pa presha ya pafupifupi 40 psi. Weber imafuna cha m'ma 3 psi. Mkati mwa kabureta muli kambale ka petulo, kachipangizo koyandama ndi kasingano kotseka khomo, zofanana ndi za m'thanki ya chimbudzi cha madzi. Kasingano kameneko sikangalimbane ndi 40 psi. Petulo amasefukira, kutsikira m'masilinda, kutsuka oilo pamakoma, ndipo wina amadonthera panja pa injini yotentha. Ena amasiya pampu yakaleyo n'kuika regulator yobwezera petulo ku thanki. Njira imeneyo imagwira, koma ine sindiikonda pa galimoto ya kumunda, chifukwa tsiku limene paipi yobwezerayo idzapindike kapena kutsekeka presha yonse idzafika ku kabureta. Tinatsitsa thanki, kuchotsa pampu, kuika paipi pamalo pake kuti ifike pansi ndi kasefa kake, ndipo kunja, pafupi ndi thanki, tinamanga pampu yamagetsi ya presha yochepa.

Nkhani ya waya wa pampuyo ndi imene imandikwiyitsa ndikaona ntchito za ena. Mu air flow meter ya Toyota muli kachitseko kamene mpweya umakankha, ndipo kachitsekoko kali ndi switch. Injini ikazima mpweya umasiya kuyenda, kachitseko kamabwerera, relay imadula magetsi a pampu. A Toyota anakonza dala motero kuti pa ngozi, paipi ikaduka kiyi ili chiyatsire, petulo asapitirire kupoperedwa. Ukachotsa meter ija pampu imakhala chete, ndipo waulesi amangokoka waya kuchokera ku kiyi, galimoto n'kulira, iye n'kulandira zake. Ife tinaika switch ya presha ya oilo kudzera pa relay ndi fyuzi, ndi waya wina wochokera ku sitata woti pampu iziyenda pa nthawi yoliza. Tinayesa pozimitsa injini kiyi ili pa on, pampu n'kuima yokha.

Lachinayi, moto. Distributor, chogawira moto ku mapulagi, ya 22R-E ilibe tizitsulo tolemera totambasuka ndi liwiro, ilibenso kabotolo ka vacuum, zimene pa injini ya kabureta zimasintha nthawi ya moto. Imangouza kompyuta pamene injini yafika, kompyutayo n'kusankha nthawi yoyatsira. Popanda kompyuta, ngakhale mutaipusitsa kuti ipereke moto, nthawi yake imakhala yomweyomweyo pa liwiro lililonse, ndipo galimoto imalira bwino pa galaja koma pamsewu imalefuka n'kumatentha. Tinapeza distributor ya 22R pamodzi ndi igniter yake, kabokosi koyatsa ndi kuzimitsa koilo. Tizitsulo take tinali titagwidwa ndi girisi wouma, moti mnyamata uja anathera masana onse akutsuka mpaka rotor inayamba kubwerera yokha akaipotoza. Poti chivindikiro cha mavalavu chinali chotsegula, ndinaunika ndi tochi kumene kumadutsa tcheni. Injini za zaka zimenezi zili ndi tcheni cha mzere umodzi ndi zogwirizira zapulasitiki zimene zimathyoka, tcheni n'kumapala chivindikiro cha kutsogolo mpaka madzi kulowa mu oilo. Za iyi zinali zamoyo.

Injini inalira Lachisanu m'mawa. Tinatchera nthawi ya moto ndi timing light, paipi ya vacuum itachotsedwa n'kutsekedwa. Kenako tinafufuza mabowo onse a pa manifold: la brake booster, la PCV, ndi ena otsala amene tinawatseka ndi tizipewa. Bowo limodzi loiwalika limakupangitsa kuzunguza sikuluu ya idle, yotchera kulira kwa injini usanaponde akisileta, tsiku lonse pachabe. Chingwe cha akisileta chinafuna buraketi yatsopano kuti kammero kachiwiri kazitseguka konse, ndipo choke yamagetsi, yochepetsa mpweya poliza injini yozizira, tinaipatsa waya wokhala ndi moto kiyi ikayatsidwa.

Malo a oxygen sensor yakale, pa paipi ya utsi, tinawagwiritsa ntchito pomangapo geji yathu ya wideband, yoonetsa muyezo wa mpweya ndi petulo. Petulo amapsa bwino pa magawo 14.7 a mpweya ku gawo limodzi la petulo poyeza kulemera, ndipo kompyuta inkakonza muyezo umenewu mosalekeza galimoto ikuyenda. Kabureta imangodziwa ma jet, timabowo toyeza petulo, amene waipatsa. Pa liwiro lokhazikika geji inkaonetsa petulo wochuluka, mapulagi akutuluka ndi mwaye, choncho tinachepetsa main jet ya kammero koyamba. Ya kachiwiri tinaisiya yonenepa pang'ono, poti galimoto yonyamula katundu pamtunda ikasowa petulo imapsereza mavalavu ndi mapisitoni.

Loweruka eni ake anayendetsa okha, ine ndili pambali. Ndinawaonetsa kuti kukazizira aziponda akisileta kamodzi asanalize kuti choke itseke, kenako aidikire itenthe. Ndinawasonyeza sefa ya petulo ndi sikuluu ya idle, n'kuwaletsa kugwira zina zonse. Anafunsa ngati angakwere nayo kumapiri. Ndinati ikwera, koma kumwamba mpweya ndi wopepuka, izidzatulutsa utsi wakuda ndi kudya petulo, ndipo ngati adzakhalitse kumeneko abwere nayo tidzasinthe ma jet. Ma injector, fuel rail, distributor yakale ndi air flow meter tinaziika m'katoni, chilichonse ndi kapepala ka dzina lake, n'kuwakwezera kumbuyo. Zonsezo n'zamoyo, ndipo wodzagula galimotoyi akadzapeza kompyuta ndi mawaya abwino adzazifuna.